Mwala Woyaka

Titalowa m'nyumba iyi ya ku Chilenje
chitofucho tinachipeza kale pakona,
chakuda, cha miyendo inayi, chili khale
ngati mlendo wokana kutsanzika.
Ezelina anachifunditsa kansalu koluka
n'kuikapo wailesi ndi chithunzi cha ukwati.
Miyezi isanu chinali tebulo.

Kenako Juni anafika.
Osati Juni wa kwathu ku Katete, amene amayamba waodira,
koma wa kuno, wolowera pansi pa chitseko
fumbi la msewu wa Chilimbulu lili kumano.
Simenti inayamba kuluma zidendene.
Magetsi ankachoka mbandakucha
n'kubwera tonse titagona, ngati munthu wothawa ngongole.
Yotamu anayamba kutsokomola.

Ndinagula theka la thumba kwa mnyamata wa wilibala
amene analumbira kuti awa si makala a mtengo,
ndi malasha a pansi pa nthaka, ochokera kum'mwera,
"mpaka mawa ali ngwee, bwana."
Ndinatola limodzi. Lolemera, lonyezimira,
lozizira kuposa nyumba yomwe.
Ndani anayatsapo mwala?

Ndinayesa nyuzipepala. Inapsa yokha.
Katoni ya sopo. Inapsa yokha.
Parafini wa m'kabotolo anangonditengera nsidze.
Miyala ili phee, kundiyang'ana.
Wogwira ntchito unali utsi basi,
wachikasu, wonunkha dzira lovunda,
unakana kukwera paipi
n'kukakhala m'makatani, m'mabulangete,
mu yunifolomu yoyera imene Ezelina anasita dzulo lake.

A Sichone a khomo linalo anabwera osaitanidwa
atavala chikhoti chimene anapuma nacho ntchito ku njanji.
Moni sanapereke.
Anagogoda paipi ndi chala, n'kutchera khutu,
n'kunditumiza padenga ndi waya.
Ndinasolola udzu, nthenga, pepala la buledi,
mibadwo ingapo ya timba.
"Malasha sapsa mtima msanga," anatero.
"Yambani ndi tizikuni. Ikani atatu, anayi, basi.
Tsegulani kakamwa kam'munsika apume.
Ndiye asiyeni. Mukamawasuzumira amachita manyazi."

Tinadikira, anthu anayi kuyang'ana chitsulo.
Chinayamba kulankhula chokha, thi, thi, thi.
Pa mng'alu wa kachitseko panaoneka kalilime kobiriwira,
kenako kufiira.
Kutentha kunayambira m'mawondo
n'kumakwera mosafulumira, ngati minibasi yodzaza.
Yotamu anavula chipewa.
Ndinamva zala zanga za kumapazi zikubwerera, chimodzichimodzi.

Pogona, Ezelina anatsegula zenera,
mpata wa zala ziwiri.
Ndinati, mayi, kutenthaku ndagula ndi ndalama,
mukukugawira Lusaka yense?
Sanaseke.
Iye amagwira ntchito kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi.
Wawaonapo obwera m'mawa wa Juni pa galimoto ya aneba,
atafunda bwino, nkhope zosalala ngati akulota,
mbaula itatsala ikufukabe m'chipinda chotseka.
"Kuzizira kumadzutsa," anatero,
n'kupanikiza zeneralo ndi supuni kuti mphepo isalitseke.

Usiku umenewo sindinagone ngati munthu wofunda.
Ndinadzuka kawiri kukamvetsera paipi.
Kachitatu ndinapapasa mumdima
kuti ndiike dzanja pamphuno pa Yotamu,
n'kupeza dzanja la mayi ake lili kale pomwepo.
Palibe anayankhula.
Kampweya kake kankadutsa pakati pa zala zathu.

M'mawa ndinapala phulusa ndi chivundikiro cha poto.
Pansi pake diso limodzi linali likadali lofiira.
Mnyamata wa wilibala uja sananame.

Wailesi tinaipezera malo pawindo.
Chithunzi cha ukwati chikadali pansi, chotsamira khoma,
mwaye utatiphimba tonse awiri.
Ndinati ndipukute ndi chala chachikulu
n'kusiya chidindo chakuda pa velo.
Ezelina akuti ndisachifufute.